X-ray Yati Palibe Chathyoka, Nanga Phazi Likupwetekeranji?

  Lero pa pulogalamu yathu ya zaumoyo tikamba za mapazi ndi akakolo, komanso za makina aja amene ambiri timangowadziwa kuti ndi sikani ya amayi oyembekezera.

Kuno kwathu ulendo wopanda chitunda ndi wosowa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa ndi oposa 317,000 m'boma la Ntchisi, ndipo ambiri mwa anthu amenewa ndi alimi. Thumba la feteleza limakwera phiri lili pamutu. Soya, mtedza ndi kachewere zimatsika phiri zili panjinga, mwini wake akulimbana ndi mabuleki, mapazi akuterereka pa katondo. Mayi amachoka kudambo ndi ndowa yodzaza, mwana ali kumbuyo, silipasi ili yothaitha. Katundu yense ameneyu amathera paphazi, lomwe lili ndi mafupa 26, mfundo 33, ndi minyewa komanso mitsempha yoposa 100 yomanga zonsezi pamodzi. Phazi likadwala mu Novembala, munda sulimidwa, ndipo njala ya mu Febuluwale imakhala yayamba kale.

Nkhani imene timaimva kawirikawiri imayenda chonchi. Munthu wavutika ndi phazi, wapeza ya kabaza, wafika pachipatala cha boma. Amujambula X-ray. Adokotala akweza chithunzi chija m'mwamba, achiyang'ana, n'kunena kuti, "Palibe chathyoka, bambo." Amupatsa panado kapena bulufeni, wabwerera. Mwezi watha, phazi likupwetekabe. Apa m'pamene mudzi umayamba kulankhula: achipatala sanapeze kanthu, ndiye kuti ndi zakumudzi izi, anakutcherani pamalire a munda, mwaponda mankhwala pamphambano. Mayina amayamba kutchulidwa, ndipo kawirikawiri amakhala a gogo wina wosauka kapena mbale amene munakangana naye za malo. Phazi lija limatemedwa mphini, ubale umatha, koma ululu uli pomwepo.

Mfundo yanga lero ndi imodzi, omvera. Adokotala aja sananame, koma mawu akuti palibe chathyoka satanthauza kuti palibe chavulala. X-ray, imene Wilhelm Röntgen anaitulukira ku Germany mu 1895, imaona bwino mafupa, zitsulo ndi magalasi. Minyewa, mitsempha, mafinya ndi minga siziwoneka bwino pa chithunzi chake. Chonsecho zowawa zambiri za phazi zimachokera m'zinthu zofewa zimenezi, ndipo makina oziwona alipo. Ndi sikani yomwe ija.

Kodi sikani imaona bwanji m'kati mwa thupi popanda kung'amba? Inu amene munakulira m'mapiri mukudziwa kuti ukakuwa uli m'chigwa, mawu amakagunda thanthwe n'kubwerera, ndipo thanthwe likakhala patali mawuwo amachedwa kubwera. Makinawa amachita zomwezo. Kachipangizo kamene amakugunditsa pakhungu kamatumiza mawu m'thupi, n'kumvetsera pamene akubwerera. Ndi mawu oti khutu la munthu silingawamve, chifukwa ife timalekezera pa mawu ogwedezeka maulendo 20,000 pa sekondi, pomwe a sikani amagwedezeka maulendo mamiliyoni. M'minofu amathamanga mamita pafupifupi 1,540 pa sekondi. Makina amawerengera nthawi imene mawu atenga kuti abwerere ndi mphamvu imene abwerera nayo, n'kupanga chithunzi. Madzi ndi mafinya zimaoneka zakuda, fupa limaoneka loyera lili ndi mthunzi pansi pake, mtsempha wabwino umaoneka ngati timizere toyera tondondozana. Mafuta ozizira aja amene amapaka pakhungu si mankhwala ayi. Ntchito yake ndi kuchotsa mpweya pakati pa khungu ndi kachipangizoko, poti mpweya umatchinga mawuwa. Sikani sipweteka, ilibe cheza chonga cha X-ray, ndipo munthu angathe kuunikidwa kangapo popanda vuto.

Amene anatchukitsa makinawa m'zipatala ndi Ian Donald, dokotala wa amayi wa ku Glasgow, yemwe anafalitsa zimene anapeza mu 1958. Kwathu kuno nako makinawa anafika kwambiri kudzera ku uchembere wabwino, makamaka bungwe la WHO litalangiza mu 2016 kuti mayi aliyense woyembekezera aunikidwe kamodzi mimba isanakwane masabata 24. N'chifukwa chake bambo ukamuuza kuti akapange sikani amaseka, n'kufunsa ngati waoneka ndi pakati. Koma ku Lighthouse ku Lilongwe makina omwewa akhala akuthandiza kupeza TB ya m'mimba ndi ya kumtima mwa anthu amene ali ndi HIV. Phazi nalo lingathe kupindula.

(Kanyimbo)

Mukumvera pulogalamu ya zaumoyo, ndipo tikukamba za sikani ndi ululu wa mapazi. Tiyeni tione mavuto amene amapezeka kwambiri kuno, limodzilimodzi.

Tiyambe ndi munga, chifukwa apa m'pamene sikani imaposa X-ray kotheratu. Munthu akusosa m'munda kapena akutola nkhuni, waponda munga kapena chisonga. Wazula, koma kansonga kathyokera m'kati. Bala lapola pamwamba. Pakapita masabata, malo aja atupa, atulutsa mafinya, aphwa, atupanso. X-ray nthawi zambiri siona mtengo kapena munga. Sikani imauona ngati kamzere koyera kozunguliridwa ndi mdima wa mafinya, ndipo woyeza amatha kunena kuti uli mamilimita angati kuchokera pakhungu ndiponso waloza kuti. Adokotala amaika chizindikiro, amabaya jakisoni wa dzanzi, amacheka pang'ono pamalo enieniwo, n'kuutulutsa, m'malo mofukula phazi lonse mongoganizira. Mwini wake amauona mungawo ndi maso ake, ndipo gogo uja amene ankamuloza chala amapuma.

Lachiwiri ndi chidendene. Alipo ambiri amene akundimvera pano amene akadzuka m'mawa, kuponda koyamba kumakhala kolasa pansi pa chidendene. Akayendayenda ululu umachepa, koma akakhala pansi kutchalitchi kapena pamaliro n'kudzukanso, wabwerera. Pansi pa phazi pali mtsempha wophwatalala wochokera ku fupa la chidendene kukafika ku zala. Ukalemedwa kwa nthawi yaitali, chifukwa choyenda mitunda pa nthaka youma, kuimirira tsiku lonse pamsika, kusenza katundu kapena kunenepa, umayamba kuperepeseka pamene wagwira fupa. Achipatala amati plantar fasciitis. Pa sikani mtsemphawu umaoneka wokhuthala ndi wodera. Ukapitirira mamilimita 4, woyeza amadziwa kuti vuto lili pamenepo, ndipo amatha kuyerekeza ndi phazi linalo nthawi yomweyo. X-ray nthawi zina imaonetsa kafupa kosongoka pansi pa chidendene, ndipo anthu amachita mantha kuti n'kamene kakuwabaya. Anthu ambiri ali nako kafupa kameneka koma samva kuwawa kulikonse, choncho musathamangire kufuna opaleshoni.

Ndinene mosabisa: vuto la chidendeneli nthawi zambiri silifuna n'komwe sikani. Dokotala wodziwa ntchito amalizindikira pomva mmene ululu umayambira ndi podina ndi chala pamalopo. Ambiri amachira pasanathe chaka popanda mpeni. Musanatsike pamphasa m'mawa, gwirani zala za kuphazi n'kuzikokera kumtunda mpaka mumve kukoka pansi pa phazi. Imirirani moyang'ana khoma, mwendo wodwalawo uli kumbuyo, chidendene chili pansi, n'kuwerama pang'onopang'ono kuti katumba akokeke. Mukakhala pansi madzulo, gubuduzani chitsononkho kapena botolo pansi pa phazi. Siyani kuyenda chopanda nsapato pamalo olimba, ndipo m'majombo ikani chofewa ku chidendene. Sikani imafunika pamene miyezi yapita popanda kusintha, kapena pamene adokotala akukayikira china. Ikafika pobaya jakisoni wochepetsa kutupa, makinawa amaonetsa singano ikulowa mpaka pamalo oyenera. Jakisoni ameneyu amathandiza kwa masabata owerengeka, ndipo kubaya mobwerezabwereza kungathe kudula mtsempha uja kapena kuphwetsa mafuta a pansi pa chidendene. Musalole aliyense wa pagolosale kapena woyenda ndi chikwama kukubayani kuphazi.

Lachitatu ndi kubinya. Kutsetsereka pa mtsetse mvula itagwa, kulowetsa phazi mumzere, kugwa pa njinga yamoto, kapena mpira wa pabwalo la zibuma: phazi limapindikira m'kati, timitsempha tomanga mafupa kunja kwa kakolo n'kukokeka kapena kuduka. Funso loyamba ndi lakuti kodi fupa lathyoka? Madokotala a ku Ottawa m'dziko la Canada anakonza mu 1992 njira yosavuta yodziwira ofunika X-ray. Ngati munthu sangathe kuponda masitepe anayi, kapena akumva kuwawa akadinidwa pa fupa lenilenilo, kumbuyo kapena kunsonga kwa timafupa tiwiri totuluka m'mbali mwa kakolo, pa fupa la m'mphepete mwa phazi kumbali ya kachala kakang'ono, kapena pa fupa la m'kati mwa phazi kutsogolo kwa kakolo, ameneyo akajambulidwe. Apa X-ray ndiye mwini ntchito, chifukwa sikani siona m'kati mwa fupa. Imangoona pamwamba pake.

Ngati fupa lili bwino, masiku awiri kapena atatu oyamba pumitsani mwendo, uikeni pamwamba, ikani nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, mangani bandeji mosathinitsa. Kuthowa ndi madzi otentha tsiku lomwelo, kapena kupatsa munthu wamphamvu kuti akoke ndi kupotokola, kumangowonjezera kutupa. Mphini za lumo logwiritsidwa kale ntchito zimabweretsa mafinya, kafumbata ndi matenda oyenda m'magazi. Ululu ukayamba kuchepa, yambani kuponda, kenako phunzirani kuima ndi mwendo umodzi, kuti kakolo asazolowere kupindika. Koma ngati papita mwezi ndi theka kakolo akadali wotupa kapena akumangogwedera, sikani imathandiza kwambiri. Ubwino wake ndi wakuti imaona zinthu zikuyenda: woyeza amagwedeza phazi uku akuyang'ana ngati kamtsempha kakugwira kapena kalekana, zomwe chithunzi chongoima sichingaonetse.

Lachinayi ndi la inu abambo a zaka za m'ma 30 ndi 40 amene mumakumbukira unyamata pa mpira wa Khirisimasi. Kumbuyo kwa kakolo kuli mtsempha waukulu kuposa yonse m'thupi, wolumikiza katumba ku chidendene, umene achipatala amautcha Achilles. Ukaduka, munthu amamva ngati wina wamumenya kumbuyo kwa mwendo, amacheuka, koma palibe munthu. Vuto lake ndi lakuti amathabe kuyenda motsimphina, ndiye amaganiza kuti wangobinya. Adokotala amamugoneka chafufumimba n'kufinya katumba. Phazi likapanda kugwedezeka, mtsempha waduka. Sikani imaonetsa kukula kwa mpata, komanso ngati nsonga ziwirizo zikukumana phazi likalozetsedwa pansi. Zikakumana, ndipo munthu wafika msanga, chikhakha chingathe kuchiritsa popanda opaleshoni. Akachedwa masabata angapo, nsonga zija zimatalikirana, ndipo ulendo umakhala wa ku Lilongwe. Dziwaninso kuti mankhwala a ciprofloxacin, amene ena amangogula okha m'mimba mukavuta, angathe kufooketsa mtsempha umenewu, makamaka kwa achikulire. Mukamva kuwawa kumbuyo kwa kakolo muli pa mankhwalawa, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

(Kanyimbo)

Tsopano amayi ndi abambo, tcherani khutu pa zinthu zitatu zosafunika kudikira kuti mugulitse kaye soya.

Choyamba, mwana amene watentha thupi, akukana kuponda, ndipo akulira mukakhudza fupa pafupi ndi kakolo kapena bondo. Musangoti ndi malungo kapena anagwa posewera. Angakhale matenda a mafinya m'fupa. X-ray imatha kuoneka yabwinobwino kwa masiku 10 mpaka 14 oyamba, pomwe sikani ingathe kuonetsa mafinya ataunjikana pamwamba pa fupa nthawi imeneyi isanakwane. Mwana wothandizidwa sabata yoyamba kawirikawiri amachira. Wochedwa amatha zaka ndi bala lotuluka mafinya ndi tizidutswa ta fupa.

Chachiwiri, mwendo umodzi wotupa ndi kuwawa kuyambira m'katumba, makamaka kwa mayi amene wangobereka kumene, munthu amene wagona nthawi yaitali akudwala, kapena amene ali m'chikhakha. Magazi angakhale ataundana mumtsempha. Woyeza amadina mtsempha wa magazi ndi kachipangizo kaja. Wabwino umaphwatalala, wotsekeka suphwatalala. Mwendo wotere osauthowa kapena kuusisita, chifukwa chibuma cha magazicho chikathothoka chimakatseka m'mapapo.

Chachitatu, bala lililonse la kuphazi kwa munthu wa matenda a shuga, ngakhale lisakupweteka. Kusapwetekako ndiye koopsa. Sikani ingathandize kudziwa ngati pansi pa khungu pali mafinya ofunika kutumbula, ndiponso ngati magazi akufika kuphazi, koma chopulumutsa mwendo ndi kufika msanga.

Palinso ululu umene sikani ilibe nawo ntchito. Ambiri amadandaula kuti mapazi onse awiri amayaka moto usiku, kapena amachita dzanzi. Kawirikawiri imeneyi ndi mitsempha yomvera imene yawonongeka chifukwa cha shuga, mowa, kapena mankhwala a TB otchedwa isoniazid, n'chifukwa chake amaperekedwa limodzi ndi vitamini B6. Amene anayamba ma ARV kale akukumbukira kuti mankhwala akale okhala ndi stavudine ankachita zomwezi, ndipo anasiyidwa. Munthu wotere akufunika kuyezedwa magazi ndi kuunikanso mankhwala amene akumwa. Kulipira sikani pamenepa ndi kutaya ndalama. Choncho musakalowe m'chipinda cha adokotala n'kuyamba ndi kulamula makina. Fotokozani bwino: ululu unayamba liti, uli pati penipeni, umakula nthawi yanji, munaponda chiyani, mukumwa mankhwala anji. Makutu ndi manja a dokotala ndiwo amauza makina poyang'ana.

Nanga chikutsala n'chiyani kuti thandizo limeneli lizipezeka pafupi? Zinthu ziwiri. Choyamba ndi kachipangizo koyenera. Kounikira mimba n'kokhota, ndipo mawu ake amagwedezeka maulendo 2 mpaka 5 miliyoni pa sekondi kuti alowe patali. Zinthu za m'phazi zili pafupi ndi khungu ndipo n'zazing'ono, motero zimafuna kachipangizo kowongoka ka maulendo 10 miliyoni kapena kuposa. Makina ake ndi omwewo. Chosintha ndi kamutu kokha. Masiku ano alipo ngakhale ang'onoang'ono olumikiza ku foni kapena tabuleti, oyendera batire, oti magetsi akathima ntchito imapitirira.

Chachiwiri, chomwe n'chachikulu, ndi munthu wophunzitsidwa. Chithunzi cha X-ray ungathe kupita nacho kwa dokotala wina kuti achionenso. Sikani imadalira dzanja ndi diso la amene wagwira kachipangizo; akakapendeketsa pang'ono, mtsempha wabwino umaoneka ngati woduka. Pamenepa dziko lathu lili ndi poyambira. Kuyambira mu 1985, pamene Dr Edward Blair anayambitsa maphunziro a miyezi 18 a ma orthopaedic clinical officer, anthu amenewa ndiwo akhala akusamalira othyoka ndi obinya m'zipatala za m'maboma. Ojambula amaphunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences, ndipo ophunzitsa mafizo amachokera ku Kamuzu University of Health Sciences. Ku Lilongwe, pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, anatsegula mu 2023 chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION, ndipo ku Blantyre kuli Beit CURE kuyambira mu 2002. Akatswiri tili nawo. Koma mlimi wa kwa Chikho sayenera kugulitsa mbuzi kuti akafike ku Lilongwe chifukwa cha munga. Adokotala a mafupa a ku Dowa, ku Ntchisi, ku Mponela, ndi a zipatala za mishoni monga Madisi ndi Mtengowanthenga, ataphunzitsidwa kuunika phazi, ambiri akhoza kuthandizidwa konkuno, ndipo otumizidwa ku Lilongwe akhoza kukhala okhawo ofunikadi opaleshoni.

Pempho langa likupita kwa inu makhansala, mafumu ndi a makomiti a zipatala. Mukamakambirana bajeti ya zaumoyo kukhonsolo, kapena abwenzi othandiza akamafunsa chimene chipatala chikusowa, funsani ngati makina a sikani ali ndi kachipangizo kounikira minyewa, ndiponso ngati alipo amene anaphunzira kukagwiritsa ntchito. Mtengo wake sungafanane ndi womanga wodi, koma phindu lake lidzaoneka m'minda.

Ndipo inu amene munabwerera kunyumba ndi mawu akuti palibe chathyoka, phazi likupwetekabe mpaka lero, tengani buku lanu la kuchipatala mubwerereko. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kafunseni mwaulemu kuti, "Adokotala, fupa ndamva kuti lili bwino; nanga mitsempha, nanga munga, tingazione bwanji?" Dokotala wabwino salipsa mtima ndi funso lotere. Ndipo musanatchule dzina la mbale wanu aliyense, lolani kaye kuti phazilo liunikidwe mokwanira.